Za ku Carchemish, komanso amene amangofunsa za golide

Ndatopa nalo funso loti "ndiye mwapezako golide?" Munthu akangomva kuti ntchito yanga ndi yofukula zakale, basi funso ndi lomwelo, ngati kuti timapita ndi makasu kukasaka chuma chokwiriridwa. Chimene timawerenga ife ndi dothi. Chinthu chikachotsedwa pamalo pake popanda wolemba kuti chinali pati, pansi pa chiyani, pambali pa chiyani, ndiye kuti zambiri zomwe chikanatiuza zapita ndipo sizibwereranso. Anthu akamamva zimenezi amangoti eya eya, mawa lake ali pa Facebook kugawana chithunzi cha kafano koti wina wakumba usiku.

Tiyeni titenge Carchemish, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates, womwe owerenga Baibulo anakumana nawo pa Yeremiya 46, pomwe Nebukadinezara anagonjetsa gulu la nkhondo la Farao Neko mu 605 BC. Mzindawu unakhala pa dooko, powolokera mtsinje, ndiye aliyense wofuna kulamulira malonda a dera limenelo ankaufuna. Mfumu ya Ahiti Suppiluliuma I inaulanda m'zaka za m'ma 1300 BC nkuikapo mwana wake Piyassili kuti aziyang'anira madera a Syria m'malo mwa likulu lawo la Hattusa. Likululo litagwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100 BC, Carchemish sinagwe nalo, inapitirira ndi mafumu ake mpaka Sargon II, mfumu ya Asuri, anaitenga mu 717 BC.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Miyala yosema yokongola ija mumaiona pa intaneti, ya asilikali ali pamzere, magaleta, mikango, yambiri ili ku myuziyamu ya ku Ankara ina ku British Museum, si ya nthawi ya Suppiluliuma ayi. Ndi ya mafumu a pambuyo pake, zaka mazana angapo ufumu waukulu wa Ahiti utatha. Mzinda wa nthawi ya ufumuwo uli pansi pake, ndipo kuti uufike uyenera kudutsa zomanga za Aroma, za Asuri, ndi za mafumu osemetsa miyala aja, chimodzichimodzi, ukulemba ndi kujambula chilichonse, chifukwa ukangochotsa dothi la pamwamba sungalibwezerenso. Kufukula ndi kugumula. Mwayi umakhala umodzi wokha.

Ndipo mzindawu wazunzika. George Smith anauzindikira mu 1876, kenako British Museum inatumiza ofukula zakale Hogarth, Woolley ndi T. E. Lawrence kuyambira 1911 mpaka nkhondo inawaimitsa mu 1914. Woolley anabwereranso mu 1920 koma sanakhalitse. Njanji yopita ku Baghdad inadula mzindawo, malire a Turkey ndi Syria anadzatsata njanjiyo, ndiye lero mahekitala pafupifupi 55 ali ku Turkey, 35 ku Syria komwe tauni ya Jarabulus yakhala ikumanga nyumba pamwamba pake. Mbali ya Turkey anakwirirako mabomba m'ma 1950. Ntchito inayambanso mu 2011 mabomba atachotsedwa, motsogoleredwa ndi Nicolò Marchetti wa ku yunivesite ya Bologna pamodzi ndi anzake a ku Turkey. Zaka 90 palibe wofukula mwadongosolo, tangoganizani.

Chimodzi mwa zinthu zofunika kwambiri zomwe gululi lapeza ndi timibulu ta dongo toposa 200 tokhala ndi zidindo za akuluakulu a boma a m'zaka za m'ma 1200 BC. Kadongo kosakwana ndi m'dzanja momwe. Kumaso kuli chidindo cha dzina ndi udindo wa munthu, kumbuyo nthawi zina umaona mmene chingwe kapena nsalu ya pakamwa pa thumba inadindikira dongo lidakali lofewa. Wosaka golide akhoza kukaponda osakaona nkomwe. Koma chifukwa tinapezeka pamodzi, pamalo amodzi, mu dothi lodziwika nthawi yake, timatiuza kuti ndani ankagwira ntchito ndi ndani ndipo katundu ankatsegulidwira pati. Mukatimwaza kwa ogula osiyanasiyana tatsala timiyala tongokongoletsa shelefu.

Nkhani yomwe imandipwetekabe mtima ndi ya Emar, mzinda wina wa pa mtsinje womwewo chakumunsi, ku Syria, womwe unali pansi pa mafumu a Carchemish. Pomanga damu la Tabqa, madzi anali oti amiza dera lonselo, ndiye gulu la ku France lotsogoleredwa ndi Jean-Claude Margueron linafukula mothamanga pakati pa 1972 ndi 1976 nkupeza mapale a dongo olembedwa pafupifupi 800. Atachoka, malowo anatsala opanda mlonda. Akuba anabwera nkukumba maenje paliponse, ndipo mapale ena mazanamazana anatulukira pa misika ya zinthu zakale mmaiko akutali. Anthu amati, nanga vuto lili pati, si awerengedwabe? Inde ambiri anawerengedwa. Koma mapale amenewa ndi makalata a mabanja, ogulitsirana nyumba ndi minda, a ngongole, ogawa chuma cha masiye. Ukawapeza mu chipinda chimodzi umadziwa kuti awa ndi a banja limodzi, agogo, bambo, mwana, ndipo umatha kuwerenga mibadwo. Akuba anasakaniza zonse. Alembi a ku Emar analemba m'njira ziwiri zosiyana, ndipo akatswiri akhala akukangana zaka zambiri ngati njirazo zinkagwira ntchito nthawi imodzi kapena ina inayamba ina nkutsatira. Dothi lomwe likanathandiza kuthetsa mkanganowo linatayidwa ndi fosholo usiku, mbali ina ya mzindawo ili pansi pa nyanja ya damu. Zimandiwawa kwambiri chifukwa nyumba yosungira makalata a mafumu a Carchemish sinapezekebe, ndiye zambiri zomwe timadziwa za ulamuliro wawo zimachokera ku Emar, ku Ugarit (mzinda wakale wa m'mbali mwa nyanja ku Syria) ndi ku Hattusa.

Ndiye pali akathyali. Ku Turkey alipo ambiri, ogulitsa mapu abodza a chuma, oyenda ndi timitengo ta chitsulo ati timaloza pomwe pali golide, omasulira chizindikiro chilichonse cha pa thanthwe kuti ndi muvi wolozera ku mphika wa ndalama. Anthu amagulitsa ziweto kuti awalipire, amaswa miyala yolembedwa poganiza kuti mkati mwake muli chuma, ena amafera m'maenje dothi likawagumukira. Mwala wa Ahiti ndi mwala mpaka mkati, mulibe kanthu. Ena ndi awa a pa intaneti ogulitsa "phale la Ahiti" popanda pepala lonena komwe linachokera. Ngati si labodza ndiye ndi lakuba, ndipo mukagula mwalipira wokumba dzenje lotsatira. Musanditumizire zithunzi zake kuti ndikuuzeni mtengo, sindiyankha.

Lamulo la ku Turkey la 1983 limanena kuti wopeza chinthu chakale akanene kwa akuluakulu pasanathe masiku atatu. Masiku atatuwo ali ndi chifukwa. M'mbali mwa mtsinje gombe likagumuka nkuonetsa khoma la njerwa zosawotcha kapena manda, mvula imodzi ndi yokwanira kusungunula njerwazo, ndipo mbiri ikamveka m'mudzi okumba usiku amafika msanga kuposa ife. Wapeza chinthu, usachizule, usachitsuke, phale la dongo losawotcha ukalithira madzi zilembo zimasungunuka uli kuona. Jambula pomwe chili, phimba, kanene tsiku lomwelo.