Nsanja ya eriyo sigwa chifukwa cha kulemera

Kuno ku Mangochi ambiri amene timaimika nsanja za wayilesi takhala tikunena kuti eriyo ikakhala yopepuka, nsanja ili bwino. Ayi ndithu. Mphepo siwerenga makilogalamu, imakankha malo onse amene yapeza. Eriyo yopepuka koma yotambalala imagwira mphepo ngati thanga la bwato, ndipo mukaikweza pamwamba kwambiri, mphamvu yopinda tsinde imakulanso.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mwera wa Juni ndi Julayi, womwe asodzi amauopa. Liwiro lake likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Musanawonjezere eriyo ina, funsani wopanga nsanjayo kukula kwa eriyo imene nsanjayo ingapirire, muonenso dzimbiri pa mabawuti ndi mawaya okokera.