Amayi, magazi akutuluka inu mukudikira chilimba kuti mukaone gaini?

Azimayi a mu Lusaka, pali kachizolowezi kamene katitopetsa ife a zaumoyo. Mayi akuona magazi nthawi iliyonse akagona ndi bambo, kapena anasiya kusamba kalekale koma magazi abweranso, ndiye mmalo mopita ku kliniki akuti ndidikire kaye ndalama za chilimba ndikaonane ndi gaini ku praiveti, ku kliniki angondipatsa Panado. Miyezi ikutha akudikira, nthenda ikulowa mkati.

Gaini ndi dokotala amene anapitiriza maphunziro pa za chiberekero ndi mimba. Maopareshoni, mafaibroidi (zotupa za m'chiberekero) akuluakulu, kusabereka, khansa, zimenezo ndi zake. Koma kuyabwa, chikazi chonunkha, matenda opatsirana pogonana, kulera, sikelo, kuyeza khomo la chiberekero, asisita ndi madokotala a pa kliniki amachita tsiku ndi tsiku, ndipo ndi omwewo amene amalemba kalata yokufikitsani kwa gaini. Muyamba pa kliniki yanu, zikakanika akutumizani ku chipatala ngati Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje kapena Chipata, ndipo zikakula mpamene mufika ku Women and Newborn Hospital pa UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Gaini wa boma alipo amayi, khomo lake ndi kliniki yomwe mukuinyozayo.

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo ikugwira azimayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse muno mu Zambia. Imabwera ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana, ndipo mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake chimakwera ka 6. Chimene chimandiwawa nchoti poyamba siipweteka ayi, pamene msana ndi chinena zayamba kuwawa imakhala yapita patali, ndiye mayi akufika ku chipatala cha khansa cha Cancer Diseases Hospital atachita kumugwirizira.

Kuyeza ku makliniki a boma nkwaulere. Mugona pa bedi, asisita apaka viniga pa khomo la chiberekero nkuyang'ana ngati pali payera, mphindi zochepa basi, ndipo akapeza kabanga kakang'ono nthawi zambiri amathana nako tsiku lomwelo. Zoti amachotsa chiberekero poyeza nzabodza, kaya munamva kwa alangizi kaya pa gulupu ya WhatsApp. Ndipo chonde zoika mitengo kumusi kuti magazi aleke siyani, mukungowonjezera zilonda.

Ngati ndalama za praiveti zilipo lero pitani, palibe wakuletsani, funsani ngati amalandira NHIMA (inshuwaransi ya zaumoyo ya boma) komanso ngati dokotalayo ali m'kaundula wa Health Professions Council of Zambia, chifukwa si aliyense wovala khoti yoyera ndi gaini. Koma ngati ndalamazo ndi za kumapeto a mwezi wa mawa, kwerani basi mupite ku kliniki sabata ino.

Pali zina zosafuna ndi kalata yomwe. Mwadumpha mwezi, m'mimba mukupweteka kwambiri mbali imodzi, chizungulire, mwina timagazi pang'ono, imeneyo ikhoza kukhala mimba yokhala mu chubu, kunja kwa chiberekero, ndipo ikaphulika ikhoza kupha usiku womwewo. Magazi odzaza padi ola lililonse chimodzimodzi. Dzutsani bambo kapena aneba mupite ku chipatala pompo, musadikire kuche.

Popita ku kliniki tengani khadi lanu, kumbukirani tsiku limene munasamba komaliza, ndipo musabwerere pakhomo ati ndidikire magazi aleke kaye, bwerani nawo choncho tiwaone.