Nkhalango yotsala imayamba kufera m'mphepete

Nkhalango yachilengedwe ikazunguliridwa ndi minda, imatha kufa pang'onopang'ono ngakhale nkhwangwa isalowemo. Vuto limayambira m'mphepete. Dzuwa ndi mphepo youma zimalowa m'kati, chinyontho chimachepa, masamba ogwa amauma gwa, ndipo moto wochokera m'minda umapeza poyakira. Zomera zoyanga nazo zimachuluka n'kulemetsa nthambi.

Kafukufuku amene katswiri wa zachilengedwe Thomas Lovejoy anayambitsa mu 1979 pafupi ndi mzinda wa Manaus ku Brazil anaonetsa kuti mitengo imafa kwambiri pa mamita 100 oyambirira kuchokera m'mphepete, ndipo mphepo imatha kugwetsa mitengo mpaka mamita 300 m'kati. Mitengo ikuluikulu, yomwenso imabereka njere zambiri, ndiyo imavutika koposa.

Tawerengani nokha. Nkhalango ya mbali zinayi zofanana ya mahekitala 100, mukachotsa mamita 100 mbali zonse, imatsala ndi mahekitala 64 abwinobwino. Ya mahekitala 10 imangotsala ndi hekitala imodzi ndi kachidutswa. Ya hekitala imodzi yonse ndi mphepete yokhayokha. N'chifukwa chake msewu umodzi wodutsa pakati umaononga kuposa mitengo imene yadulidwa poulambula: wabweretsa mphepete ziwiri zatsopano.

Palinso za njere. Mitengo yambiri imadalira mbalame, mileme ndi anyani kuti njere zake zifike kutali. Alenje akamaliza nyamazi, njere zimangogwera pansi pa mtengo, pomwe tizilombo ndi chuku zimaziononga. Nkhalango imaoneka yobiriwira ndithu, koma mulibe timitengo tolowa m'malo mwa yakaleyo.

Pofuna kuteteza nkhalango yotereyi, choyamba n'kulambula njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango udzu usanaumiretu, n'kuibwereza chaka chilichonse, chifukwa njira yosiyidwa chaka chimodzi imadzaza udzu wotalika umene umakoleza moto. Kenako musiye malo m'mphepete kuti zitsa ziphukire. Pachitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo muzidulire. Zitsa zili kale ndi mizu yozama, motero zimapirira chilala kuposa mbande za kunazale. Ziweto zisalowemo mpaka nsonga za mitengoyo zitapitirira pofika pakamwa pa mbuzi.

Bulugamu ndi paini n'zothandiza pa nkhuni ndi matabwa, koma zibzalidwe kutali. Zigawo ziwiri za nkhalango zikayandikana, zilumikizeni ndi mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje kuti nyama zonyamula njere zizidutsamo.