Botolo lowonjezera mu oilo silichiritsa injini

M'magalaja a ku Gazaland ndi m'mashopu a mu Kaguvi Street, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ambiri amakhulupirirabe kuti kuthira botolo la mankhwala owonjezera otchedwa "moly" kapena "zinc" mu oilo kumalimbitsa injini iliyonse. Si zoona.

Oilo wabwino amabwera atasakanizidwa kale ndi mankhwala ake pa muyezo. Amodzi mwa mankhwalawo, ZDDP, omwe ali ndi zinc ndi fosiforasi, amapanga kachikopa kopyapyala pachitsulo chikatentha, kuti kamushafuti, chitsulo chotsegula mavavu a injini, isadyeke. Koma m'mainjini ena amakono, matapeti (tizitsulo tokhuzana ndi kamushafuti) ndi maring'i a pisitoni amakutidwa ndi DLC, kaboni wolimba wakuda, ndipo kachikopako sikagwira pamenepo ngati pachitsulo.

Za moly nzodetsa nkhawa kwambiri. Mtundu wotchedwa MoDTC umachepetsadi kukhuzana, koma pa DLC yokhala ndi haidrojeni ungathe kufulumizitsa kuperepeseka kwake. Chokutiracho chikatha, pamatsala chitsulo chosatetezedwa. Zinc wochuluka nayenso amabwera ndi fosiforasi amene amapha catalytic converter, chida cha mu ekizozi chochepetsa utsi woipa. Nchifukwa chake mu oilo wotsatira muyezo wa ILSAC GF-5 fosiforasi sapitirira 0.08 peresenti.

Ngati muli ndi Honda Fit kapena Toyota yochokera ku Japan, chonde onani buku la galimotoyo, gulani oilo wolembedwamo, monga 0W-20 kapena 5W-30, ndipo musinthire limodzi ndi fyuluta.