Mayina atatu pa pempho satanthauza kuti anthu atatu avomereza

Ndatopa nawo mawu akuti "kwathu kuno ndalama sizingatuluke mwachisawawa, pempho limadutsa kwa anthu atatu." Ndimawamva kwa akuluakulu a mabungwe, kwa eni makampani, ngakhale kwa ma akauntanti amene amayenera kudziwa bwino zimenezi. Ndikawapempha kuti anditsegulire flow yawo mu Power Automate (pulogalamu ya Microsoft yoyendetsa yokha ntchito za mu ofesi; flow ndi ndondomeko imene pempho limatsata m'menemo), mayina atatu aja ndimawapezadi, olembedwa bwinobwino. Koma pamwamba pake, pamene amasankha mtundu wa chivomerezo, pamakhala pali First to respond. Ndiye kuti amene wayamba kudina ndi amene wagamula. Awiri enawo uthenga amalandira ndithu, koma pomwe akuutsegula zatha kale. Ofesi yotere ili ndi wovomereza mmodzi, amene ali pafupi ndi foni tsiku limenelo.

Sindikuti mtundu umenewu ndi woipa. Munthu akupempha galimoto ya ofesi kapena tsiku limodzi lopuma, ndipo aliyense mwa oyang'anira awiri angathe kumuyankha, pamenepo First to respond ndi yoyenera. Pa ndalama ayi. Pa ndalama mumafuna Everyone must approve, pamene aliyense ayenera kuyankha ndipo mmodzi akangokana pempho lagwa pomwepo osadikiranso ena. Apo ayi mukonze kuti liziyenda motsatana: liyambe kwa woyang'anira dipatimenti, iye akavomera lipite kwa a zachuma, kenako kwa abwana aakulu. Njira yotsatanayi imachedwa, koma abwana aakulu sataya nthawi ndi mapempho amene akanafera m'munsi momwemo.

Wina amati, "Ife tinathana nazo, tinaika gulu lonse la a zachuma m'malo mwa mayina." Gulu la Microsoft 365 likaikidwa ngati wovomereza, membala mmodzi akayankha wayankhira gulu lonse. Mwabwerera pomwe paja.

Amene asankha bwino Everyone must approve nawonso amakodwa pena. Akaika Condition, gawo loona zotsatira, amalemba kuti Outcome (yankho limene labwera) ikhale yofanana ndi Approve. Poyesa ndi munthu mmodzi zimayenda. Akaika anthu atatu, onse n'kuvomera, Outcome imabwera ili "Approve, Approve, Approve", ndipo kompyuta siona kufanana kwa mawu amenewo ndi Approve mmodzi uja. Pempho limalowera mbali yokanidwa, mwini wake n'kulandira imelo yoti abwana akana. Ndaonapo anthu akusiya kulonjerana pa khonde chifukwa cha zimenezi, wina akulumbira kuti anavomera, winayo akumuonetsa imelo. Lembani kuti Outcome isakhale ndi mawu oti Reject, kapena flow izisanthula yankho la munthu aliyense payekha. Ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Nkhani imene imandivutabe mumtima ndi ya bungwe lina laling'ono lokonza mijigo m'midzi. Anakonza dongosolo lotsatana, labwino ndithu poliona. Pempho logulira zipangizo linadutsa kwa woyamba, n'kukaima kwa mayi wina wa pakati amene anali atapita ku tchuthi chokabereka. Dzina lake linali litalembedwa mu flow momwemo, popanda wogwirizira. Palibe anadziwa pamene pempholo laima, chifukwa wopempha ankangoona kuti likudikira. Tsono flow ya Power Automate siikhala ndi moyo kupitirira masiku 30. Ikafika pamenepo imafa mwakachetechete. Choipa n'chakuti pempho lenilenilo limakhalabe likuoneka kwa wovomereza. Mayi uja atabwerera analipeza mu Teams, pulogalamu ya mauthenga a mu ofesi, anadina Approve, mtima wake n'kukhala pansi. Koma kuseri kunalibenso flow yoti ilandire yankho lakelo n'kulipititsa kwa abwana aakulu. Iye ankati anavomera, a zachuma ankati sanalandire kanthu, wogulitsa zipangizo anatopa n'kugulitsa katunduyo kwina, ndipo anthu a m'midzi ija anapitiriza kutunga madzi kudambo nyengo yonse ya mvula.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mankhwala amene anapeza pambuyo pake. Anagwirizana kuti aliyense wochoka azisiyira sekilitale pasiwedi yake kuti azidina m'malo mwake. Iwo anaona ngati athetsa kuchedwa. Kuyambira tsiku limenelo zolemba za kompyuta zinkaonetsa kuti anthu atatu avomera, pamene chala chinali chimodzi. Oona za kayendetsedwe ka chuma akabwera amakhulupirira zolembazo, ndipo ndalama zikasowa amagwira mwini dzina, osati mwini chala. Ife a ku Malawi sitiyenera kuphunzitsidwanso zimenezi. Cashgate ya mu 2013 inachitikira mkati mwa IFMIS, makina amene anaikidwa kuti aziteteza ndalama za boma: malipiro ankadutsa momwemo, kenako zolemba zake n'kufufutidwa. Makina analipo. Chinasowa ndi kusamala za amene ali ndi mphamvu yochita chiyani m'makinamo.

Bungwe lija likanatha kupewa zonsezi popanda kugula chilichonse. Gawo lodikira chivomerezo lili ndi malo oikapo nthawi mu Settings. Mukalemba P3D ndiye kuti lidikire masiku atatu basi. Kenako mumawonjezera gawo lina, n'kuliuza kudzera mu run after kuti lizigwira ntchito nthawi ija ikatha, ndipo limatumiza pempho kwa wachiwiri wa munthuyo. Wovomereza amene akudziwa kuti sangathe kuyankha alinso ndi batani la Reassign lopatsira mnzake, ndipo zolemba zimaonetsa poyera kuti wapatsa ndani. Mayina asamalembedwe mu flow. Akhale pa ndandanda ya SharePoint, malo a Microsoft osungirako zolemba za ofesi, imene a HR (oona za antchito) angathe kusintha okha munthu akachoka kapena akakwezedwa. Ena amakonda kugwiritsa ntchito Get manager kuti kompyuta izipeza yokha bwana wa wopempha. Zabwino, koma imangowerenga zimene zinalembedwa mu Entra ID, kaundula wa Microsoft wa maakaunti a antchito, ndipo m'maofesi ambiri amene ndalowamo malo amenewo ndi opanda kanthu kapena muli dzina la munthu amene anapuma ntchito kalekale.

Onaninso chinthu china chimene anthu amachita nacho manyazi kufunsa: abwana a dipatimenti akapempha okha ndalama, pempho lawo limapita kwa ndani? Ngati palibe gawo loyerekeza imelo ya wopempha ndi ya wovomereza, limabwerera kwa iwo omwe, n'kudzivomereza. Ndipo musaike anthu asanu pa pempho logula mapepala a printa. Anthu akamalandira mauthenga ochuluka tsiku lililonse amayamba kudina osawerenga, aliyense akuganiza kuti mnzake waona. Ikani malire a ndalama: zochepa kwa mmodzi, zochuluka kwa awiri kapena atatu amene akuwerengadi.

Tsono za akatswiri a m'thumba. Pafupifupi ofesi iliyonse ili ndi mnyamata wochenjera, mwina mphwake wa abwana, amene anaonera mavidiyo angapo pa YouTube n'kumanga flow madzulo amodzi. Sindikumunyoza, ambirife tinayamba choncho. Vuto n'lakuti amamanga pa akaunti yake. Flow imatumiza maimelo ndi kutsegula SharePoint m'dzina lake. Tsiku limene wapeza ntchito kwina, a IT n'kutseka akauntiyo, mapempho onse amaima, ndipo palibe mnzake amene angalowe kuti akonze mpaka a IT ataikapo mwini wina, chifukwa sanaike mwini wachiwiri. Munthu amene akukumangirani dongosolo lotere osakufunsani kuti "uyu akadwala chimachitika n'chiyani" kapena "ine ndikachoka asamala ndani", musamulipire kaye. Flow ya ofesi ikhale ndi eni osachepera awiri, ndipo ngati n'kotheka iziyendera akaunti ya ofesi, osati ya munthu.

Amene mukadali pa ma workflow akale a SharePoint, njira yakale yoyendetsera mapempho, musayembekezere kuti akuchenjezeni pakhomo. A mtundu wa 2010 Microsoft anawazimitsa mu Novembala 2020, ndipo a mtundu wa 2013 anawaikira tsiku lomaliza la 2 Epulo 2026 pa SharePoint ya pa intaneti. Kusamutsa si kukopera chabe, nthawi zambiri mumamanganso kuyambira pansi, ndipo kumanga mothamanga ndi kumene kumabala zolakwika zonse ndatchulazi.

Musanalole kuti ndalama yeniyeni idutse, tumizani mapempho abodza. Lina onse avomere. Lina wachiwiri akane. Lina lisiyeni dala osayankha mpaka nthawi ithe, muone kumene lipite. Lomaliza litumizidwe ndi abwana a dipatimenti eni ake, inu muli chilili pambali pawo kuona kuti uthenga ulira pa foni ya yani.