Chimene chinkagwetsa ndege za Meteor

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatha mu 1945, koma ku Britain anyamata oyendetsa ndege zankhondo anapitirizabe kufa, kumwamba kulibe mdani aliyense. Ndege yake inali Gloster Meteor, jeti yoyamba ya RAF, gulu la ndege zankhondo la Britain. Zokwana 890 zinawonongeka pa ngozi, ndipo oyendetsa 450 anamwalira. Mu 1953 mokha zinagwa 145.

Ine amene ntchito yanga ndi ya injini za ndege, ndikayang'ana chithunzi cha Meteor maso anga amathamangira pamapiko. Injini zake ziwiri zinaikidwa ina phiko lino ina phiko linalo, motalikirana. Imodzi ikazima, yotsalayo inkakankha mbali imodzi, monga bwato limazungulirira ukamapalasa kumodzi kokha. Woyendetsa ankayenera kuponda mwamphamvu chiwongolero cha kumchira kuti ndege ilunjike. Ikamathamanga zinkatheka ndithu, chifukwa mphepo yambiri inkawomba mchirawo. Koma potera liwiro limachepa, chiwongolero chimafooka, ndipo woyendetsa akangowonjezera moto pa injini yotsalayo, ndege inkapendekeka n'kutembenuzika, nthaka ili pafupi.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti ambiri anafa injini zili bwinobwino. Pophunzira ankazimitsa imodzi mwadala, n'cholinga choti azolowere tsiku la vuto, ndiye phunziro lomwelo linkawatengera kumanda. Masiku ano zoterezi timaphunzira pa makina oyerekezera ndege ali pansi, kapena kungochepetsa moto wa injini osaizimitsa.

Panalinso zina. Injini za jeti za nthawi imeneyo zinkachedwa kudzuka: ukankha chowonjezera moto, mphamvu n'kubwera patapita masekondi angapo, pomwe anyamata ena anazolowera ndege za mapulopela zoyankha msanga. Mafuta nazo zinkamwa ngati madzi. Ukapeza bwalo lakutidwa ndi nkhungu, monga zimakhalira kawirikawiri ku Britain, nthawi yofunafuna bwalo lina inali yochepa kwambiri.

Mpando woponyera munthu kunja ndege ikamagwa unali utayesedwa kale. Pa 24 Julayi 1946, Bernard Lynch wa kampani yopanga mipandoyi ya Martin-Baker anatuluka nawo mu Meteor ili m'mwamba, n'kutera wamoyo. Komabe Meteor T.7, ya mipando iwiri, imene ophunzira ankakwera ndi aphunzitsi awo, inalibe mpando wotere.