Matailosi a Lisbon: akhale pakhoma kapena akasungidwe?

Pa 6 Meyi chaka chilichonse dziko la Portugal limakumbukira azulejo, matailosi ojambulidwa amene amakuta makoma a matchalitchi ndi nyumba. Mkangano wake sunathebe: akuba amawagumula usiku, ena n'kukapezeka pamsika wa zinthu zakale wa Feira da Ladra ku Lisbon akugulitsidwa kwa alendo. N'chifukwa chake apolisi ofufuza milandu anayambitsa ntchito ya SOS Azulejo mu 2007, ndipo lamulo la 2017 linaletsa kuchotsa matailosi akunja kwa nyumba popanda chilolezo.

Ena mwa matailosi oyamba anachokera ku Seville, ku Spain, m'nthawi ya Mfumu Manuel I, ndipo adakali m'nyumba yachifumu ku Sintra. Amisiri a nthawiyo ankavutika ndi utoto wosakanikirana pamoto, choncho ankadula malire ndi mzere wa mafuta osakaniza ndi manganese, kapena kudinda timizere totukuka padongo laliwisi.

Zinthu zinasinthiratu m'zaka za m'ma 1500 pamene njira ya majolica inafika kuchokera ku Italy kudzera kwa amisiri a ku Flanders. Dongo limawotchedwa kaye, kenako limakutidwa ndi madzi oyera a mtovu ndi tini, amene akauma amasanduka ufa. Mmisiri amaika pepala loboola timabowo, n'kuwazapo fumbi la makala kuti chithunzi chioneke, ndiyeno amajambula pa ufa wosawotchawo. Ufawo umamwa utoto nthawi yomweyo, dzanja likaphonya palibe kufufuta. Utoto wa cobalt umaoneka wotuwa, buluu wake amatuluka pa kuwotcha kwachiwiri, pafupifupi madigiri 1,000. Apa khoma linasanduka chinsalu chojambulapo.

Museu Nacional do Azulejo, nyumba yosungira matailosi akale ku Lisbon, ili m'nyumba ya masisitere ya Madre de Deus, imene Mfumukazi Leonor anaikhazikitsa mu 1509. Muli chithunzi cha mamita 23 chosonyeza Lisbon chivomezi cha 1755 chisanaugwetse. Ambiri amati anajambula ndi Gabriel del Barco, koma palibe siginecha, ndipo akatswiri amangoyerekeza kajambulidwe.

Osunga zakale akunena zoona kuti m'nyumbamo tailosi imapulumuka. Pakhoma, chinyontho chimakweza mchere umene umasenda khungu lonyezimira, ndipo womata ndi simenti m'malo mwa laimu amaiphetsa, poti simenti siilola khoma kupuma. Komabe matailosi ambiri anapangidwira khoma lakelake, kutsata zitseko ndi masitepe ake, ndipo eni nyumba osowa ndalama zokonzera ndi amene amasiyidwa okha ndi udindowo.